Makina atakana chala changa

Alamu anga anafika ku Mzuzu mwezi womwe layisensi yanga yoyendetsera galimoto inkatha, ndipo palibe munthu angandiuze kuti zinangochitika mwangozi.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Geisha, m'nyumba ya lendi yomwe msewu wake umaterera ngati therere mvula ikangowaza. Ife kwathu ndi ku Dowa. Amuna anga ankagwira ntchito m'boma, ndipo atawasamutsira kumpoto ndinawatsatira ndi mapoto anga, ndikudandaula za kuzizira njira yonse. Tisanazolowere n'komwe, sitiroko inawagwetsa m'mawa wina akumanga zingwe za nsapato. Mbali yakumanja yonse inafooka, mawu anatsala owerengeka. Ana athu anali kutali, wina kuntchito wina kusukulu, choncho m'nyumbamo tinatsala awiri, ine ndi iwo.

Chomwe chinkatigwiriziza chinali kagalimoto kawo kakale. Kawiri pa sabata ndinkawakweza kumbuyo n'kupita nawo kuchipatala, mbali ya ku Luwinga, ku mafizo owongola ziwalo zofooka. Munthu wotero simungamukweze pa kabaza, ndipo m'minibasi kondakitala sangakudikireni kuti mwendo wakufa ulowe. Popanda galimoto ija, amuna anga akanangokhala pakhonde mpaka thupi lonse kuuma. Ndipo popanda layisensi, ine ndi galimoto ija tikanasiyana, chifukwa apolisi apamsewu wa ku Luwinga ankandiimitsa pafupipafupi moti ena anali atandizolowera nkhope.

Ndiye kunatulukira alamu, mng'ono wawo wa amuna anga, munthu wamtali woseka ndi mano onse, amene kale ankayendetsa lole yonyamula fodya. Anabwera ndi kathumba ka mtedza ndi chikwama chimodzi. Munthu wodzazonda matenda amayamba walowa kuchipinda kwa wodwala. Alamu anayamba azungulira galimoto, n'kumenya tayala ndi nsonga ya nsapato, n'kusuzumira pawindo kuona mkati. Ine ndili pakhomo, ndikuona zonsezo.

Madzulo ake, tikudya, anafunsa ngati nkhani wamba.

“Alamu, layisensi yanu ikadali ndi moyo?”

“Ili moyo. Bwanji?”

“Ayi, ndimangofunsa. Ikatha musadzavutike, ine ndilipo. Chiwongolero ndi ntchito yanga.”

Mawu akuti “ine ndilipo” ndinali nditawamvapo kwathu. Bambo wa pakhomo akadwala, achibale amayamba ndi kuthandiza. Wina amabwereka njinga kuti akagule mankhwala, wina amatenga ng'ombe kuti akazidyetse bwino, ndipo pofika tsiku la maliro mkazi amapezeka watsala ndi mphasa. Ndinaziona kwa azakhali anga, sindinachite kuuzidwa. Tsiku lomwelo ndinamanga makiyi a galimoto pa chingwe n'kuwavala m'chiuno, mkati mwa chitenje. Ankandilasa ndikawerama, koma ndinkati bola andilase.

Tsiku lopita kukakonzetsa layisensi ndinapempha mayi woyandikana nafe kuti akhale ndi amuna anga. Alamu anati andiperekeza. Ndinakana, iwo anaumirira, akuti malo amenewa amafuna mwamuna. Ndinawalola chifukwa ndinaona kuti kuli bwino akhale pamene maso anga akuwaona kusiyana n'kuwasiya pakhomo.

Pageti la ofesi ija pamakhala madobadoba, anthu aja amene amakuthamangirani musanatsike n'komwe, kunena kuti akuthandizani kuti zanu ziyende msanga. Ine ndinawadutsa nkhope ili gwa, chikwama ndachipana m'khwapa. Nditayenda pang'ono ndinazindikira kuti alamu sakunditsatira. Potembenuka ndinawaona ataima ndi bambo wina wa jekete lachikopa, mitu ataigundanitsa. Zimene alamu ankanena sindinazimve, koma yankho la bambo uja linandifika bwinobwino.

“Chala, bwana. Chala.”

Atatero onse awiri anayang'ana kumene ndinali ine.

Alamu atandipeza ndinawafunsa kuti amakambirana chiyani. Anaseka kuseka kwawo kuja n'kunena kuti, “Aa, palibe alamu, nkhani za amuna.” Ndinangoti chabwino, koma mawu aja ndinawasunga.

Mkati munali mabenchi odzaza, ndipo mzere wake unali woyenda chokhala: wakutsogolo akadzuka, nonse mumasendera ndi matako. Kunkazizira, anthu atavala majuzi ndi zipewa, ena akuyankhula Chitumbuka, ena Chichewa, ena Chingerezi chosakaniza. Ine Chitumbuka changa chinali cha pamsika. Ndinkadziwa monire, yewo, chomene, ndi yayi pokana mtengo wa tomato. Anthu a ku Mzuzu akangomva kuti ndinu wa chigawo chapakati amakusinthirani okha chiyankhulo, ndiye ulesi unandigwira, sindinaphunzire zambiri. Alamu anakhala pa benchi lakumbuyo, ndipo nthawi iliyonse ndikacheuka ndinkawapeza akundiyang'ana.

Kuyeza maso ndinadutsa popanda vuto. Chithunzi anandijambula. Kenaka ndinafika pa tebulo la mtsikana wina wovala juzi lofiira, amene pambali pake panali kachipangizo kokhala ndi kagalasi kowala.

“Monire mama. Ikani chala apa.”

Ndinaika chala chachikulu. Anayang'ana pa kompyuta, n'kupukusa mutu.

“Chala, mama.”

Ndinati mwina sindinakanikize, ndiye ndinakanikiza mpaka chikhadabo kuyera.

“Chala.”

Ndinachotsa chachikulu n'kuika chamkombaphala.

“Chala, chala, mama, dikirani kaye.”

Ndinaika china. Mumtima ndinkati kodi mwana ameneyu akufuna chala chiti, poti zonse ndi zala? Anapukuta kagalasi kaja ndi kansalu, anandiuza kuti ndipake chala pamphumi kuti chitenge mafuta, kenaka kuti ndichiuzire mpweya. Ndinachita zonsezo ngati mwana wa sukulu ya mkaka, anthu pa benchi akuonerera. Makina anakana dzanja lamanja lonse, anakananso lamanzere. Mtsikana uja anaitana mnzake wa tebulo lina, ndipo awiriwo anawerama pa kompyuta n'kumayankhulana m'chiyankhulo chawo motsitsa mawu. Pa zonse zimene ankanena ine ndinkangotolapo liwu limodzi, ndipo linkabwera kumapeto kwa chiganizo chilichonse: chala, chala, chala.

Pamenepo zinthu zinalumikizana m'mutu mwanga. Pageti, ndisanalowe n'komwe, munthu wosandidziwa anali atanena kale za chala kwa alamu anga. Tsopano makina akukana chala changa. Nanga bambo wa jekete uja anadziwa bwanji kuti vuto likakhala chala? Ndinacheuka. Alamu anali ataimirira, akusuzumira kuti aone zikuyenda bwanji. Mtima unandipsa mpaka m'makutu.

“Mwanawe,” ndinatero, ndipo mawu anga anamveka chipinda chonse, “usandione ngati ndine wa dzulo. Nkhani ya chala changayi mwayamba kuikamba pageti. Wakutuma ndani? Ndi bambo awo aimirira apowo? Akulonjeza chiyani?”

Mtsikana uja anandiyang'ana kukamwa kuli yasa.

“Mama, ine bambo awo sindikuwadziwa.”

“Nanga chala chala ameneyu? Pageti chala, pano chala, mnzakoyu wabwera nayenso chala!”

Mnzake uja ndiye anayamba kuseka, anachita kugwira tebulo. Kenaka benchi loyamba linaseka, lachiwiri linafunsa kuti kwatani, litauzidwa nalonso linaseka. Mtsikana wa juzi lofiira anayesetsa kudzigwira, koma misozi inali italengeza m'maso.

“Pepani chomene, mama. Ine kwathu ndi ku Rumphi. Ife tikati chara, ndiye kuti ayi. Ndimakuuzani kuti ayi, sizinatheke, chotsani kaye. Inu mumangowonjezera zala.”

“Ayi si yayi?”

“Yayi ndi ayi, chara ndi ayinso. Timanena kuti mizere yikuwoneka chara, mizere sikuoneka.”

Manyazi amene anandigwira tsiku limenelo sindinawamvepo chibadwire. Mayi wamkulu ngati ine, wa mvano, kukalipira mwana wa eni ake pagulu chifukwa cha liwu lomwe ngakhale ana a ku Geisha amalidziwa. Ndinapepesa, mawu akutuluka pang'onopang'ono. Iye anati palibe kanthu, n'kupempha kuti aone manja anga. Anawatembenuza pansi pa getsi. Nsonga za zala zanga zinali see, zosalala ngati botolo, ndipo m'mbali mwake munali ming'alu yofiira. Ine ndinkawaona manja amenewa tsiku lililonse koma ndinali ndisanawayang'anepo.

“Mumachapa kwambiri, mama?”

Ndinangogwedeza mutu.

“Mizere yafufutika. Makinawa akufuna afananitse ndi chala chimene munadinda kale, ndiye sakupeza kanthu. Apumitseni manja, asakhudze sopo ndi mankhwala ochapira, muzidzola mafuta. Pakapita sabata imodzi kapena masabata awiri mubwerenso tidzayese.”

Ndinatuluka mutu uli pansi. Liwu lija ndinali nditalimvetsa tsopano, koma musaganize kuti mtima unatsika. Ngati bambo wa pageti ankati ayi, ndiye kuti alamu anali atamupempha kanthu kena. Kanthu kanji kamene ngakhale dobadoba angakane?

Za kuchapazo panalibe amene ankadziwa. Chiyambire kudwala, amuna anga sankatha kudzigwira, ndipo m'mawa uliwonse zogonera zinkafunika kuchapa. Ndinkadzuka anthu asanayambe kuyenda, n'kuzinyika m'madzi a kolorini monga anandilangizira kuchipatala, n'kuzifikisa ndi sopo kuseri kwa nyumba. Madzi a ku Mzuzu m'mawa amaluma ngati ali ndi mano, ndipo nsalu zimatha masiku zili pachingwe osauma, ndiye ndinkachapa zina pamene zinzake zikadali zonyowa. Magolovesi ndinayesapo, ankang'ambika, ndipo ndinkaona ngati sindikuyeretsa. Wantchito ndinakana kulemba. Amuna anga anali munthu wolemekezeka, mkulu wa mpingo, woyenda ndi tayi ngakhale Loweruka. Sindikanalola kuti nkhani ya zogonera zawo izikambidwa pa mpopi.

Tsono apa zinali zitandikanika. Ndikapitiriza kuchapa, layisensi itha ndipo makiyi apita kwa alamu. Ndikasiya kuchapa, achape ndani?

Tinauyamba wobwerera ku Geisha. Alamu sanatchule za kuwaloza chala pagulu kuja, ndipo kukhala chete kwawoko kunandisowetsa mtendere kuposa akanandikalipira. Ndikuimika galimoto pakhomo, anayankhula akuyang'ana kutsogolo.

“Alamu, chimene mumachapa m'mawa muja ndimachiona. Kuyambira mawa ndizichapa ine.”

“Inu?”

“Ndi achimwene anga.”

Munthu wina akanagwetsa misozi yothokoza. Ine ndinayamba kuwerengera kuti apindulapo chiyani. Mwina akufuna aone ndi maso awo mmene matenda afikira, kuti akauze akumudzi kuti munthu watha, ayambe kugawana. Mwina akufuna njira yolowera kuchipinda kumene kumakhala mapepala a galimoto. Mwina akufuna azichapa mosayera dala kuti ine ndipse mtima n'kubwerera m'beseni. Zonsezi ndinaziganiza ndisanatsike m'galimoto. Koma njira ina panalibe, ndiye ndinavomera, ndipo mapepala aja ndinawasamutsira m'chikwama changa cha kutchalitchi.

M'mawa woyamba ndinaima pambali pawo ngati kapitawo, manja nditawapaka mafuta, ndikuwalangiza. Atangotsegula mtolo wa zogonera zija anatembenukira kumbali n'kuchita ngati asanza. Ndinati eya, zayambika, mawa sabweranso. Anapuma pang'ono, anapukuta pakamwa ndi mkono, n'kulowetsa manja m'beseni. Kuchapa kwake kunali kwa chimuna, kongovivinyiza, ndipo ndinawabweza kawiri. Sanadandaule. Atamaliza anamasula chingwe choyanikira n'kukachimanga kuseri kwenikweni, pakati pa nyumba ndi mpanda, pamene anthu odutsa sangaone. Zimenezo sindinawauze ine.

Mawa lake anadzuka ine ndisanadzuke. Patapita masiku anayambanso kuwasambitsa achimwene awo, poti madzi a sopo ndinali nditaletsedwa. Tsiku lina ndili kukhitchini ndinamva amuna anga akuseka kubafa, kuseka kopotoka kwa mbali imodzi, koyamba chidwalireni. Ndinakondwa, sindikana. Koma ndinapezekanso nditaima pafupi ndi chitseko, khutu ndalitchera, kufuna kumva kuti akuwauza zotani. Ankakamba za mbuzi ina imene inawathamangitsa ali ana.

Panalinso mafoni. Foni ya alamu ikalira, ankayang'ana dzina, n'kutuluka mpaka kumsewu. Tsiku lina ndinanamizira kukataya zinyalala ndipo ndinamva akuti, “Ayi amalume, sizinatheke. Dikirani kaye.” Atandiona anasintha nkhani n'kuyamba kufunsa za mbewu. Ndinabwerera m'nyumba ndikugwira m'chiuno kuti ndimve ngati makiyi alipo.

M'mawa uliwonse ankandifunsa kuti, “Zala zili bwanji lero, alamu?” Ine ndinkayankha kuti zili bwino, n'kuzibisa m'chitenje. Ndinkati akufunsa kuti adziwe ngati zikukanika. Tsiku lina anabwera kuchokera m'tauni ndi kabotolo ka mafuta odzola, akuti awauza kuti amenewa ndi abwino pa ming'alu. Ndinathokoza, ndinakanunkhiza ndili ndekha, ndinakayang'ana kudzuwa, kenaka ndinakaika pamwamba pa kabati osakagwiritsa ntchito. Munthu wa Mulungu ngati ine, koma ndinaganiza ndithu kuti mwina athiramo za kwa asing'anga zofufutiratu mizere. Ndinapitiriza ndi mafuta anga akale.

Kukhala osagwira ntchito kunandivuta kuposa ntchitoyo. Mbale ankatsuka mayi woyandikana nafe, amene ndinangomuuza kuti ndili ndi zilonda. Ine ndinkangoyendayenda m'nyumba manja ali m'mwamba ngati munthu wogwidwa ndi apolisi. Masana ndinkaima pawindo n'kumayang'anitsitsa nsonga za zala. Poyamba panalibe kanthu. Kenaka ndinayamba kuona timizere tozungulira, tosaoneka bwino, ndipo sindinkadziwa ngati tilipodi kapena ndi maso anga ofuna. Ku mafizo ndinkayendetsabe ndekha poti layisensi inali isanafe, alamu atakhala kumbuyo atagwirizira achimwene awo. Ndikasintha giya mochedwa ndinkawaona pa galasi akuluma mlomo.

Mwezi utatsala pang'ono kutha ndinabwerera ku ofesi kuja, ulendo uno ndekha. Alamu anatsala ndi wodwala. Ndinatenga galimoto, makiyi ndi mapepala, moti m'nyumbamo munalibe chimene akanatenga choposa wailesi. Pageti bambo wa jekete lachikopa analipo, ndipo ndinamuyang'ana mpaka anayang'ana kumbali, ngakhale ndikukhulupirira kuti sankandikumbukira.

Mtsikana wa ku Rumphi uja ndiye anandikumbukira ndikadali pa benchi.

“Amama a chala! Mwawuka uli?”

Ena anacheuka, ine ndinangomwetulira mwamanyazi. Ndinafika patebulo ngati ndikukalemba mayeso. Chala chachikulu makina anakana. Chamkombaphala chakumanja anakananso. Mtsikana uja anatsegula pakamwa kuti anene liwu lake lija, anandiyang'ana, n'kusintha. “Ayi, mama. Tiyese dzanja linalo.” Ndinapaka chamkombaphala chakumanzere pamphumi, ndinachiika pa kagalasi mofatsa, n'kutseka maso. Ndinamva akuwomba m'manja kamodzi.

“Chakora! Chagwira, mama.”

Ndinamuthokoza kuti yewo chomene, ndipo aka kanali koyamba kunena mawu amenewa kuchokera pansi pa mtima, osati pongofuna kuti andichotsere mtengo. Pa chithunzi cha layisensi yatsopanoyo ndimaoneka ngati ndikufuna kumenya munthu, poti anagwiritsa ntchito chija anandijambula tsiku loyamba.

Kunyumba ndinawapeza alamu akuanula nsalu. Ndinawaonetsa layisensi, ndipo ndivomere kuti ndinawaonetsa mokhala ngati ndikuwatsutsa. Anapukuta manja pa buluku asanaigwire. Manja awo anali atayamba kusuwa, m'mphindi mwa zala muli ming'alu. Anaiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, “Zakhala bwino, alamu.” Ndinafufuza pankhope pawo kuti ndione kukhumudwa, ndipo sindinganene kuti ndinakuona kapena sindinakuone.

Mawa lake ananena kuti abwerera kumudzi, ntchito ya kumunda ikuwadikira. Anandigulira magolovesi okhuthala a anthu omanga nyumba, akuti awa sang'ambika. Anatsanzikana ndi achimwene awo kuchipinda, chitseko chili chotseka, ndipo ulendo uno sindinatchere khutu chifukwa ndinali ndikuwaphikira mbatata za panjira.

Ndinawaperekeza kudepoti pa galimoto. Nditaima, oitanira mabasi anatizungulira n'kumamenya mawindo, koma alamu sanatsike. Anakhala chikwama chili pamiyendo, akuyang'ana pansi.

“Alamu, simunalakwitse kundikayikira. Kumudzi anakhala pansi, amalume ndi ena. Anati galimoto ibwere kwathu achimwene akadali moyo, chifukwa akadzapita inu mudzapita nayo kwanu. Ananditumira zimenezo.”

Ndinamva kukoma kwachilendo, kwa munthu amene wauzidwa kuti sanali wamisala. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndinkadziwa, koma iwo anali atapisa dzanja m'thumba la malaya. Anatulutsa kiyi n'kuiika pamwendo panga. Inali kiyi yachiwiri ya galimoto yomweyi, imene ine ndinkadziwa kuti inasowa kalekale tikusamuka.

“Mwaitenga kuti?”

“Sindinabe. Achimwene ndiwo anandipatsa, masiku oyambirira omwe aja. Ndinawauza chimene andituma. Anandilozera jekete lawo la suti, inali m'thumba lamkati.”

Masiku onse aja ndikulaswa ndi makiyi m'chiuno, munthuyu ankatha kudzuka m'mawa uliwonse n'kuliza galimoto, pofika masana ali ku Kasungu.

“Nanga bwanji simunapite nayo?”

“Ndikanapita nayo, ku mafizo mukanawanyamula pa chiyani?”

“Kumudzi mukanena chiyani?”

“Ndikanena kuti injini inafa. Akatumiza wina, mudzaimike kwa anzanu.”

Anatsika, oitanira anawalanda chikwama n'kuwakokera ku basi, ndipo sindinawathokoze n'komwe.

Njira yobwerera ku Geisha ndinaiyenda pang'onopang'ono, a kabaza akundiimbira mabelu kumbuyo. Za alamu zinali zitachoka m'mutu. Ndinkaganiza za munthu amene ndinkamutembenuza pabedi, kumupukuta, kumubisira manyazi ake mpaka zala zanga kufufutika. Munthu ameneyo anamva kuti abale ake akufuna galimoto, ndipo ndi dzanja lake limodzi lotsalalo analoza pamene panali kiyi. Kiyi imene anaisunga zaka zonsezi osandiuza. Zinandipweteka kwambiri, kuposa kusekedwa ndi chipinda chonse chija. Ndinayesa kuwaikira kumbuyo: mwina anandimvera chisoni, anafuna kuti mng'ono wawo aziyendetsa ine ndipume. Mwina anaopa amalume awo, poti munthu ngakhale akule bwanji kwawo amakhalabe mwana. Kapena mwina nawonso, pansi pa mtima, ankandiona ngati mlendo pa katundu wawo.

Amuna anga ndinawapeza pakhonde pamene tinawasiya, bulangete lili pamiyendo, mayi woyandikana nafe akuwathamangitsira ntchentche. Mayiyo atapita ndinakoka mpando n'kukhala patsogolo pawo. Ndinatambasula dzanja, kiyi ili pachikhatho. Anaiyang'ana, kenaka anayang'ana kumsewu.

“Bambo,” ndinatero, “munkafunadi kuti galimoto ipite kumudzi?”

Milomo yawo inalimbana nthawi yaitali, monga inkachitira liwu likamabwera.

“Eya.”

Chiyambire sitiroko, eya ndi ayi wawo ankasinthana. Ndinkawafunsa ngati akufuna tiyi, iwo n'kunena kuti ayi dzanja likulandira kapu. A ku mafizo anandiuza kuti zimachitika, ndipo ndikafuna kutsimikiza ndizifunsa kawiri. Pa china chilichonse ndinkafunsa kawiri, nthawi zina katatu. Tsiku limenelo sindinafunsenso, chifukwa ndinkaopa kuti abwereza.

Kunayamba kuwaza, ndiye ndinawadzutsa, mkono wawo wakufa uli paphewa panga, n'kulowa nawo m'nyumba.